Mizere ya a Justus ku Telford

M'mawa uliwonse, akazi awo a Felista akanyamuka kupita ku shifiti kuchipatala, a Justus Kamwendo ankaima pawindo la kukhitchini kapu ya tiyi ili m'manja. Kuseri kwa mafulati awo ku Telford kunali kabwalo ka eni nyumba onse, pakati pake pataima chimtengo cha oki. Ena ankaonapo udzu basi. A Justus ankaonapo mizere, ngayaye za chimanga zikugwedera mu nkhungu, maungu akuyanga ngati kwawo ku Bembeke. Pena ankamva ndi fungo lomwe la mondokwa wootcha, tiyi mpaka kuzizira. Munthu kulota masanasana, maso ali gwa!

M'chaka cha 2006 eni nyumba anawasankha kukhala tcheyamani wa komiti yawo, n'kuwalola kulima kadimba pabwalopo. Chosautsa chinali mthunzi wa chimtengo chija. Chimanga chinkangonyozoloka, masamba achikasu.

"Bambo a Reece, musanachite kanthu pa mtengowo bwanji osafunsa kaye Mildred?" anatero a Felista kwa amuna awo. Mildred anali loya wa komitiyo, mwana wa Amalawi wobadwira ku Birmingham.

"Ndikafunse mwana wa dzana, woti khasu sanaligwirepo? Za kumunda tisiyireni eni ake."

Naye Mildred anawakokera pambali Lamulungu lina potuluka m'tchalitchi, n'kuwauza m'Chichewa chake chotsimphina: "Ankolo, mukafuna kukhudza chilichonse pabwalo paja, mundiimbire kaye. Kuno ngakhale mtengo uli ndi malamulo ake." A Justus anaseka, mawuwo n'kulowera khutu ili kutulukira linalo.

A Justus anatsimikiza zothana ndi mtengowo, koma sanafune phokoso la macheka. Anachita monga ankachitira malemu bambo awo poswa mphanje: anasenda khungwa kuzungulira tsinde lonse, n'kukwirira balalo ndi dothi. Mtengo unayamba kufa mwakachetechete, osadziwa munthu.

Nyengo yotentha ya chaka chotsatira nthambi zinangokhala mbee, dzuwa n'kutsikira pamizere. Maloto aja anasanduka zenizeni. Chimanga chinabiriwira mpaka kupitirira mutu wa mwini wake. Amayi akutchalitchi ankachita kuchokera ku Bordesley Green, ku Birmingham, kudzapempha nkhwani, ndipo a Justus akamayenda pakati pa mizere madzulo ankaiwala kuti ali kudziko la eni. Anakondwa bamboyo, kukondwa kwenikweni.

Koma mtengo wouma subisika. Anthu a kukhonsolo anabwera, anafukula patsinde, naona bala. Patapita masiku Mildred anawapeza a Justus m'dimba momwemo.

"Ankolo, mtengo uwu unali wotetezedwa ndi lamulo," anatero motsitsa mawu. "Koma chikundiwawa n'chakuti mukanandifunsa, tikanapempha chilolezo chosadza nthambi za mbali ya dimba. Dzuwa mukanalipeza, mtengo uli moyo."

A Justus anafunsa: "Ndiye palibe pothawira, mwanangu?"

"Ndayesetsa kuti nkhani isafike kukhoti. Koma alamula kuti pabzalidwe mtengo wina pomwepa, ndipo eni nyumba agwirizana kuti khasu lisadzagwenso pabwalo lino."

Wouma uja ataugwetsa, dzenje la mtengo watsopano analikumba okha a Justus, pakati pa mizere yawo, chimanga chitangobereka koma chisanakhwime. Anazula phesi limodzilimodzi, misozi ili m'maso. A Felista ankangotolera mapesiwo osanena kuti ndinakuuzani.

Mpaka lero, m'mawa uliwonse a Justus amaimabe pawindo paja ndi kapu yawo. Pabwalo pali udzu wometedwa bwino ndi kamtengo komangiriridwa kuchikhomo, ndipo nkhungu ikatsika saonamonso ngayaye. Mondokwa wa ku Telford sanamulawe ndi mmodzi yemwe, pomwe wowalangiza anali pafupi, wongoimbira foni.

Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.