Mwandida, Chigubu cha Sungeni ndi Njati ya Kuseri kwa Waya

"Chigubu ichi uzichiona ndi maso okha, Mwandida. Dzanja ayi, lilime ayi. Wandimva?"

Anatero Sungeni tsiku limene anafika kumudzi kuchokera ku Lilongwe, uku akuika chigubu chakuda pamwamba pa kabati. Khalani pansi ana inu, ndipo iwe leka kukoka mchira wa mphaka uyo. Nkhaniyi si ya kutali, ndi ya m'mudzi wathu womwe uno wa m'mphepete mwa nkhalango, kumene waya wamagetsi amatilekanitsa ndi zilombo.

Sungeni anali wothamanga. Osati kuthamanga kwanuku kothawa kusamba, ayi. Uyu anali wa mipikisano yeniyeni yozungulira bwalo kawiri, ndipo akati wauyatsa, chithunzithunzi chake chinkatsala m'mbuyo n'kumafunsa anthu kuti, "Pepani, mwini wangayo wadzera kuti?" Anabwera kumudzi kudzakonzekera mpikisano waukulu, umene opambana ake amakaimira dziko kunja. Mng'ono wake ndiye Mwandida, kamtsikana ka sitandade faifi, timiyendo ngati mitengo ya chinangwa. Makutu anali nawo awiri, abwinobwino, koma ntchito yake inali yokongoletsa mutu basi.

"Muli chiyani m'menemo, asisi?"

"Ufa wa anthu othamanga. Dzina lake beta-alanini."

"Bita chani?"

"Usaluze lilime ndi zinthu zosakukhudza. Anandipatsa akochi athu, ndipo anachita kundiyezera. Kasipuni kakang'ono, pamodzi ndi chakudya, tsiku lililonse."

"Ndiye mukamwa mumauluka?"

Sungeni anaseka, kenako n'kumukhazika pampando. "Tamvera. Paja ukathamanga kwambiri ntchafu zimaotcha ngati mwalowa makala? Ufawu umangochedwetsako pang'ono kuotchako. Pang'ono chabe. Ndipo sugwira lero ayi, umaunjikana m'minofu pang'onopang'ono, masabata ndi masabata, uku munthu akudzuka m'mamawa kukavutika mumsewu. Ukamwa wambiri nthawi imodzi, chimene upate ndi kunyerenyetsa kwa khungu. Kunyerenyetsako si mphamvu. Komanso si za ana. Wandimva?"

"Ndamva, asisi."

Mayi awo, aNambewe, anali pakhonde akusenda mtedza, ndipo anaponyapo lawo. Inu simunawaone mayi amenewo. Akamalankhula ankayamba atukula chibwano chonchi, mawu n'kumatulukira m'mphuno: "Ndipo iwe wosamvawe, lamulo lakale lija silinafe. Waya sadutsa! Ndikudziwa masuku akupsa kuseriko. Alonda a nkhalango anena kuti kudambo kuli njati yaimuna yokalamba, imene anzake anaipirikitsa pagulu. Ili yokha, ndipo yakwiyira dziko lonse."

"Ndamva, amayi."

"Ukadzakumana nayo utani?"

"Ndikwera mtengo."

"Bwerezanso."

"Ndikwera mtengo! Njati sapikisana nayo liwiro."

Zimenezo mwana aliyense wa kuno amazidziwa asanadziwe n'komwe kupukuta mamina. Mwandida ankazidziwa bwino kuposa pemphero la chakudya.

Masiku anapita. M'mawa uliwonse Sungeni ankatsitsa chigubu, kutapa kasipuni kake, kusungunula m'kapu, gwi gwi gwi, n'kumanga nsapato. Mwandida maso ali tong'o, ngati galu woonerera anthu akudya kanyenya.

"Asisi, kungonyambita chivundikiro chokha?"

"Ayi."

"Nanga kununkhiza?"

"Mwandida, ndanena kuti chiyani?"

"Dzanja ayi, lilime ayi."

Koma m'kamutu kake munali masamu ena. Ankaona mkulu wake akudutsa mumsewu wa m'mbali mwa waya, fumbi kobo, njinga za kabaza zikutsala, ndipo sankaona thukuta, sankaona matuza a kumapazi, sankaona masiku amene Sungeni ankabwera n'kugwa pamphasa osatha ngakhale kuyankha moni. Iye ankangoona kasipuni. Ndiye ankati mumtima, ngati kasipuni kamodzi kakusiya njinga m'mbuyo, nanga dzanja lodzaza? Si ndiye kusiya minibasi?

Tsono panali mnyamata wina wa m'kalasi mwake, Yotamu, wa pakamwa ngati wailesi ya mabatire atsopano. Ameneyu ndiye anasonkhezera moto. Loweruka lina ana anasonkhana pa waya, pamalo pamene njiri zinakumba dzenje lodutsa pansi. Kuseriko, kupitirira kadambo ka udzu waufupi, kunali msuku waukulu, masuku atagwa mbwee, fungo lake likuchita kubwera lokha kudzapereka moni.

"Aliyense akungowayang'ana," anatero Yotamu. "Nanga iwe Mwandida, paja kwanu ndi kwa akatswiri? Kapena liwiro lonse anamaliza asisi ako, iwe anakusiyira makutu?"

Ana onse gwedegwede ndi phwete.

"Mundidikire pompano," anatero Mwandida.

Kunyumba kunalibe munthu. Mayi anali kuchigayo, Sungeni anali mumsewu. Mwandida anakoka mpando, pampando anaikapo mtondo, pamtondo anakwerapo iye. Chigubu chija anachitsegula. Kasipuni kanali momwemo, koma anakakankhira pambali ngati kamutukwana. Anatapa ndi dzanja, fwaa m'kamwa. Kowawasira pang'ono, ngati malambe osakhwima. Anatapanso. Anatsitsira madzi, n'kupukuta pakamwa, ulendo.

Asanafike pa waya, zinayamba. Choyamba milomo, nyere nyere nyere. Kenako makutu. Kenako m'mutu monse, pakhosi, kuseri kwa manja, ngati linthumbu lachita msonkhano wa chipani pathupi pake. Munthu wanzeru akanakumbukira mawu a mkulu wake. Koma Mwandida anaima, n'kuyang'ana manja ake, n'kumwetulira mpaka mano a m'mbuyo.

"Zalowa! Magetsi alowa!"

Anafika kwa anzake akudumphadumpha, nkhope ili psuu. "Tasunthani! Musandikhudze, ndingakugwireni shoko!"

Panali kamtsikana kena kofatsa, Esinala, kamene kanamugwira diresi. "Mwandida, usapite. Amayi ako anati chiyani za njati?"

"Njatiyo lero iona msana wanga."

"Nanga ikatulukira?"

"Ndiye muione ikupempha madzi akumwa."

Anagona chamimba, n'kukwawa m'dzenje la njiri muja, waya akulira tik, tik, tik pamwamba pa msana wake. Anatulukira kuseri. Anathamanga kudutsa kadambo kaja, ndipo kwa iye zinkaoneka ngati mapazi sakugunda pansi. Koma ana amene ankaonerera anandiuza kuti linali liwiro lomwe lija la masiku onse, la kabakha kothamangira madeya.

Anafika pamsuku. Anayamba kutola, kuika m'diresi, kutola, kukanda khutu, kutola, kukanda m'mutu. Nkhalango inali zii. Mvetserani apa, ana inu. Tchire silipha munthu lisanamuchenjeze. Mbalame zija zimadya nkhupakupa pamsana pa njati zinauluka m'bango, zikulira tsee tsee tsee. Mwandida sanamve, zala zinali m'makutu akukanda. Bango linayamba kugwedera popanda mphepo. Sanaone, anali atatsinzina akupukusa nkhope. Anzake kuwaya anayamba kukuwa, "Mwandida! Kumbuyo! Kumbuyoko!" Iye anaganiza kuti akumuchemerera, mpaka anawabayibitsa.

Kenako anamva mpweya. Fuuu.

Anacheuka. Njati ija inali itaima potuluka m'bango, yakuda bii, matope akuuma pamsana, nyanga zitakumana pamphumi ngati chitsa cha mtengo wopsa, khutu limodzi long'ambika. Inatukula mphuno chonchi, n'kumuyang'ana ngati mmene amayang'anira aphunzitsi aakulu ukachedwa kusukulu. Fuuu. Mwendo wakutsogolo unapalasa pansi.

Tsono ganizirani. Mwanayu waima pansi pa msuku. Nthambi ili pomwepo, yoti angokweza manja. Ankakwera mitengo kuposa nyani. Dzulo lake lomwelo akanakwera osaganiza n'komwe. Koma lero khungu likumuuza kuti muli magetsi. Anayang'ana nthambi, anayang'ana waya, n'kusiya mtengo.

Anathamanga.

Masuku balala. Kumbuyo kwake nthaka inayamba kulira, gu gu, gu gu, gu gu. Anaitana magetsi aja kuti atsikire kumiyendo, koma magetsi anali otanganidwa ndi makutu. Miyendo inali yomwe ija ya chinangwa. Ntchafu zinayamba kuotcha, mpweya unathera pakhosi, waya ali kutali ngati mawa, ndipo kugunda kuja kukukula, kukukula, mpaka anamva fungo la matope ndi ndowe.

Chimene sanadziwe n'choti Esinala, atangoona mnzake walowa m'dzenje, anathamangira kumsewu kukaimitsa Sungeni. Ndipo Sungeni sanafunse mafunso. Anadziponya m'dzenje muja, waya anamugwira paphewa mpaka anakuwa, koma anatulukira kuseri, n'kuvula jekete yake yothamangira, n'kuyamba kuikupiza m'mwamba.

"Iwe! Iwe chinkhalamba iwe! Kuno! Bwera kuno!" Kenako kwa mng'ono wake: "Mwandida, kumanzere! Mtengo uwo! Kwera!"

Ulendo uno makutu anagwira ntchito. Panali kamtengo ka mthethe, kaminga kokhakokha. Mwandida anakakwera osaimva minga, ndipo njati inadutsa pansi pake, phewa lake n'kugunda thunthu, mtengo wonse njenjenje. Inaima. Inayang'ana m'mwamba. Inayang'ana munthu wokupiza nsalu uja. Inasankha wapansi.

Ana amene anaona amati sanaonepo munthu akuthamanga chotero, ndipo sadzaonanso. Sungeni anaikokera kutali ndi mtengo, anakhota, njati inapitirira, anakhotanso, anaiponyera jekete kumaso, n'kulunjika kudzenje. Koma ngakhale iye, katswiri wa Lilongwe, wa masabata onse aja a thukuta ndi kasipuni, njati inkamudya mtunda ngati moto wolusa tchire. Anadziponya pansi. Mutu unadutsa, mapewa anadutsa, Yotamu ndi anzake anamugwira manja n'kumakoka akulira. Mwendo wamanja unachedwa.

Phokoso la mwendowo, njati itaugunda, sindilitsanzira. Ndimatsanzira zonse, atambala, abusa, amayi anu akakwiya, koma limenelo ayi.

Waya anaimenya njati pamphuno, inabwerera m'mbuyo, ndipo alonda a nkhalango, amene anamva kukuwa, anafika n'kuomba mfuti m'mwamba. Inalowa m'bango mwakemo pang'onopang'ono, osafulumira, ngati munthu woweruka kuntchito. Alondawo anachita kumutsitsa Mwandida mumtengo, zala atazimatula chimodzichimodzi. Pamene ankamufikitsa kumudzi, kunyerenyetsa kuja kunali kutatha kale kokha. Adokotala atamuyeza anati alibe vuto lililonse, kupatula minga.

Sungeni anagona m'chipatala mpaka mvula inatha. Fupa linalumikizana, koma bondo linakana kupinda. Mpikisano uja anaumvera pawailesi ya m'wodi, ndipo wopambana anali mtsikana amene iye ankamusiya chaka chilichonse.

Mwandida anatenga nthawi asanalimbe mtima kulowa m'wodimo. Ankangoima pakhomo, chala m'kamwa. Tsiku lina Sungeni anamukodola.

"Bwera kuno, iwe wamagetsi."

Mwandida anagwada pambali pa bedi, misozi chuchuchu. "Asisi, mundimenye."

"Ndikumenye ndi mwendo uti?"

"Ndinangofuna kuthamanga ngati inu."

Sungeni anayang'ana kudenga. Kenako anati, "Za ufa ndakukhululukira. Za waya, amayi ndi amene akudikira, ndipo sindikulanditsa. Koma chimodzi chokha chimandisowetsa tulo. Unali pansi pa mtengo, Mwandida. Unkadziwa chochita. Bwanji sunakwere?"

"Ndinkamva ngati ndili ndi mphamvu."

"Unkamva ngati," anatero Sungeni, n'kumusisita m'mutu. "Chabwino. Tandipatsa ndodo zangazo, undiperekeze panja ndikaothe dzuwa."

Lero mukapita kumjigo m'mawa muwaona awiriwo. Wamkulu patsogolo, akukoka mwendo, phazi likulemba mzere m'fumbi. Wamng'ono, amene tsopano ndi mtsikana wamtali, amayenda pambuyo atasenza ndowa ina kumutu, ina m'manja. Angathe kumupitirira ndi masitepe awiri okha. Sanamupitirirepo.

Ndiye ana inu, mukaona chigubu, botolo kapena mapiritsi a munthu wamkulu, n'kukuuzani kuti musakhudze, musakhudze, ngakhale atakhala okoma ngati shuga. Anayezera thupi lake, osati lanu. Akakuuzani kuti waya sadutsa, musadutse, masuku aolere komweko. Ndipo thupi likadzayamba kukunong'onezani kuti lero ndinu ena, lero malamulo ndi a anzanu, pamenepo ndiye muope kwambiri. Pajatu mwana wosamva salira yekha. Nthawi zina chilombo chimene wachiputa iwe chimakugwirira munthu amene amakukonda.