Galimoto Yotchedwa Wabweranso

Kalekale, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina wosamva za anthu, dzina lake Zefaniya Kambalame, bambo wake wa agogo anu. Mkazi wake Nachisale adataya mwana woyamba m'ngolo, ng'ombe zikukwawa ulendo wa kuchipatala. Zefaniya adalira, nati, "Ngolo ayi. Ulendo wina tidzapita pa galimoto."

Galimoto, iyeyo? Munthu wosula makasu? Anthu adaseka mpaka kugwira nthiti. Koma iye adatola injini ya chigayo chakufa, mateyala otayidwa ku esiteti, matabwa a mlombwa, nayamba kukhoma. Kukhoma, kukhoma, kukhoma, mpaka chinthu chija chidatsokomola utsi n'kuyamba kuyenda. Apo n'kuti Nachisale ali ndi pakati pena.

Tsiku loyesa, wapolisi adamuimika pamsewu waukulu. "Nambala ili kuti, bambo? Popanda nambala, chimenechi chisapondenso pano." Nanga msewu wa kuchipatala sunali womwewo?

Zefaniya adapita nacho ku boma podzera njira za m'midzi, kwa kalaliki wolembetsa magalimoto, a Mpinganjira. Iwo adachizungulira, nati, "Mabuleki mulibe." Adabwerera, nakonza mabuleki. Atafikanso, a Mpinganjira adati, "Wabweranso! Nanga nyali?" Adabwerera, naika nyali. "Wabweranso! Nanga hutala?" Zefaniya adaomba nyanga ya mphalapala, nkhuku za pa boma n'kubalalika. "Imeneyo n'ja alenje, bambo." Adabwerera. Mimba ya Nachisale ikukula, mitambo ya dzinja ikusonkhana, mtima wa mwamuna uli m'mwamba, koma kugonja ayi.

Zonse zitakwanira, a Mpinganjira adatenga cholembera. "Mtundu wanji?"

"Mchewa, bwana. Mfunda ndi Banda."

"Sindikufunsa inu! Galimotoyi, dzina lake?"

"Ilibe."

"Ndiye itcheni msanga. Popanda dzina sindilemba."

Mukuganiza adaitcha? Mwana woyamba uja adapita wopanda dzina, ndipo Zefaniya sankasewera ndi mwambo wa maina. Adavula chipewa, nati, "Kwathu mwana satchedwa ndi womubala, bwana. Amamutcha wamkulu amene wamuona akukula. Uyu wakulira m'manja mwanu. Mabuleki ndi inu, nyali ndi inu. Mutcheni."

"Imeneyo si ntchito yanga."

"Ndiye ndibwera mawa."

Mawa adabwera. Mkuja adabwera. A Mpinganjira atangomuona pakhomo adagwira mutu: "Wabweranso!"

"Zikomo, bwana," adatero Zefaniya, akuomba m'manja. "Dzina labwino. Lembani."

A Mpinganjira adamuyang'ana, namuyang'ananso, kenako adaphulika kuseka mpaka misozi. Adalemba, napereka nambala.

Matenda a Nachisale atayamba, mvula inali itagwa, matope ali thothotho. Wabweranso idalira, idaterereka, idatsokomola, koma idatulukira pamsewu waukulu. Wapolisi uja adaona nambala, napatuka. Adafika kuchipatala nthawi ikadalipo, ndipo mwana wamkazi adabadwa akulira mokweza.

Azakhali ake atamunyamula adakumbukira uja adatsalira m'ngolo, nati, "Ameneyu wabweranso." Ndiwo agogo anu aja, a Wabweranso, amene mudawapeza akufwenkha fodya wamphuno pakhonde.

Ndiye mukamva anthu akunena kuti a kwa Kambalame ndi okakamira, musachite manyazi. Akakubwezani pa ofesi, musatukwane, musalire. Funsani chomwe chaperewera, kakonzeni, mawa mukagogodenso. Zefaniya akadatopa pa nyali, inu nonse mwakhala apa simukadabadwa.