Babu losazima la a Malikebu

Panali munthu wina wokonza magetsi, a Malikebu. Anagwira ntchito pa loji ina zaka khumi ndi zisanu, tesita yoyezera magetsi ili kukhutu ngati pensulo ya kalipentala. Swichi ikangotsokomola, antchito onse ankakuwa kuti, "Itanani injiniya!" Iwo ankabwera akuyenda chonchi, mimba patsogolo, makiyi akulira m'chiuno kuti anthu apatuke.

Pa bala ya lojiyo panali firiji ya vinyo, yachitseko chagalasi, mabotolo atagona m'mizere ngati ana a sukulu yogonera konko. Ukatsegula chitseko, kababu kam'kati kankayaka. Ukatseka, kankazima. Tsiku lina kanangoti zii.

A Malikebu anasintha babu, mdima. Anaona fyuzi, fyuzi ili bwinobwino. Anakoka firiji n'kulowa kuseri kwake, miyendo yokha ikuoneka, akuyeza waya uyu, akununkhiza waya uyo. Masiku atatu, abale anga! Potuluka, fumbi lili mbuu kumutu, anauza mwini loji kuti, "Ehem. Madamu, vutoli ndi lakuya. Pakufunika kachipangizo kochokera ku Joni."

Pomwepo panali mayi wokolopa, Esinati, mopu ili m'manja. Anati, "Pepani akulu, nanga kabatani ka pachitsekoka bwanji sikakutuluka?"

Pa felemu ya chitseko panalidi kabatani. Chitseko chikakapanikiza, babu limazima, chikakasiya, limayaka. Ndiye vinyo wotsekemera anatayikirapo n'kuuma, kabatani kanamatirira m'kati, firiji n'kumayesa kuti chitseko ndi chotseka nthawi zonse. Esinati anakapukuta ndi kansanza konyowa. Kabatani kanati thu! M'firiji munati ngwee!

Madamu anaomba m'manja. "Esinati, injiniya ndiwe!"

Mawu amenewo analowa mwa a Malikebu ngati munga wansomba. Akamadutsa, maweta ankawafunsa mwaulemu wonse kuti, "Bwana, fani yasiya kuzungulira. Tiitane inu kapena mopu?" A Malikebu anayamba kuonda. Lamba anamuboolera mabowo awiri atsopano. Munthu akatsegula firiji, kababu n'kuyaka, iwo ankamva ngati kakuimba kuti "Esinati, Esinati."

Madamu atachoka pa ulendo wa masabata awiri, a Malikebu anadzuka m'mawa n'kupita pa firiji. Anadula mawaya a kabatani kaja n'kuwalumikiza mwachindunji. Anachotsa kababu, n'kumangirira chibabu chachikulu, chija timafunditsira anapiye.

"Tione ngati mopu ingayatse lotere," anatero. "Langali silizima. Tsegulani, tsekani, liziyakabe."

Ndipo linayaka! Ndikukuuzani, oyendetsa minibasi pamsewu ankaphimba maso. Alendo ankajambulitsa pa firijiyo. A Malikebu ankaima pambali pake manja ali kumbuyo, akuuza aliyense, ngakhale wobwera kudzafunsa kuchimbudzi, kuti, "Ntchito ya manja anga iyi. Malikebu. Mulilembe bwino dzinalo."

Tsiku lachitatu Esinati anagwira galasi. "Akulu, galasili likufunda."

"Iwe kolopa pansi. Zam'mwamba tisiyire ife."

Esinati anatenga mopu yake n'kukolopa pansi.

Tsono vinyo ndi chinthu chamanyazi. Safuna kutentha, safuna kuwala. N'chifukwa chake opanga firiji anaikapo kabatani, kuti babu liyake pamene munthu akusankha botolo, kenako lipume. Koma chibabu chija sichinkapuma. Mota ya firiji inalimbana nacho, ikulira ngati lole pachitunda, mpaka inatopa n'kufa. Palibe anazindikira kuti yafa, chifukwa m'kati munkawalabe bwino kwambiri.

Madamu anabwerako Lachisanu, Loweruka panali phwando laukwati. Weta anatsegula botolo loyamba n'kuthirira malume a mkwati. Malumewo anamwa, nkhope inapindika ngati nsapato yonyowa yoyanika padzuwa.

"Mwanawe, uyu ndi vinyo kapena viniga wothira pa chipisi?"

Botolo lachiwiri, chimodzimodzi. Lachisanu, lachikhumi, chimodzimodzi. Madamu anathamangira pa firiji, potsegula mpweya wotentha unawawomba kumaso ngati atsegula uvuni wa masikono.

"Waika babu ili ndani?"

Akanakana bwanji a Malikebu? Masabata awiri athunthu anakhala akulengeza okha. Maweta, ophika, alonda, onse analoza chala chimodzi. Madzulo asanafike, makiyi aja anali pa tebulo la madamu, ndipo injiniya anatuluka pageti mwakachetechete, m'chiuno mopanda cholira.

Mwasekatu, ndakuonani. Koma tamverani. Esinati sanawalande ntchito a Malikebu, anangopukuta kabatani. Akanangoti "zikomo mayi, mwandiphunzitsa," bwenzi lero akuyendabe ndi makiyi awo. Chinawachotsa ndi babu lawo lomwe.

Inunso mnzanu akayamikiridwa kamodzi, mtima umakuuzani kuti mudule mawaya, muziwala inu nokha osazimanso. Mudzawaladi, anthu adzajambulitsa. Koma gwirani galasi. Zimene anakusungitsani m'katimo, banja, ntchito, mpingo, mwina zayamba kale kufunda.