Njiri, Mbira ndi Kasupe wa M'chipululu

Njiri ndi Mbira anali mabwenzi akalekale, koma ankakangana pa chinthu chimodzi: poimika galimoto. Njiri anali waphuma, Mbira wosamala. Chaka chilichonse nyengo yozizira ikafika, ankalongedza tenti, mabulangete ndi ketulo m'kagalimoto kakale ka Njiri n'kupita kukagona kuchipululu cha miyala.

Kumeneko kunalibe msewu. Galimoto inkangokwawa pamiyala ikupendekera uku ndi uku, Mbira ali patsogolo kuloza poponda matayala. Akafika pamtengo wina wouma ankaimika galimoto, n'kusenza katundu mpaka pakasupe amene ankatumphuka pansi pa thanthwe. M'mawa njiwa zinkabwera kudzamwa pafupi ndi tenti, osaopa, awiriwo akuwothera dzuwa ndi makapu a tiyi m'manja.

Chaka china Njiri anakana kuima pamtengopo.

"Achimwene, msana wangawu watopa nako kusenza," anatero. "Lero galimoto ikafika pamadzi penipeni."

"Thanthwe lija ndi lamphako kunsi kwake," anayankha Mbira. "Ine ndimalowamo. Silingapirire galimoto. Bweretsani tentiyo ndisenze ndine."

"Inuyo ndi kathupi kanuko? Tangokhalani phee."

Njiri anaponda moto. Galimoto itafika pakati pa thanthwe, panamveka phokoso ngati la mtengo wothyoka. Thanthwe linang'ambika n'kutitimira, miyala n'kugumukira pakasupe. Awiriwo anatuluka osavulala, galimotonso anaikankha n'kuitulutsa, koma madzi anali atakwiririka.

Anafukula mpaka dzuwa kupendeka. Njiri anakumba ndi mphuno mpaka kutuluka magazi, koma anangopeza matope onunkha oyilo. Mbira sananene kuti ndinakuuzani. Anangotola makapu n'kuwabwezera m'thumba.

Chaka chotsatira anapitanso atanyamula madzi m'zigubu. Pamalopo panali fumbi lokhalokha, udzu wonse utauma. Tiyi wake ankamveka fungo la chigubu, ndipo madzi atatha anapasula tenti n'kubwerera. Kuyambira pamenepo sanapitenso.

Atakalamba, ankakhala pakhonde la Njiri n'kumakumbutsana za masiku amenewo: tsiku limene mphepo inaulutsa tenti, tsiku limene anaiwala shuga n'kukwiyirana ulendo wonse. Zidzukulu za Njiri zinkamvetsera kukamwa kuli yasa.

"Agogo, mudzatitengeko kukasupeko," kanatero kamdzukulu kena tsiku lina. "Tikufuna tikamweko madziwo."

Njiri anayang'ana Mbira, Mbira n'kuyang'ana pansi.

"Galimoto ndi yabwinobwino, ndipo njira ndikuikumbukira," anatero Njiri. "Koma kumeneko kulibe choti ndikakuonetseni. Ndinakwirira ndine."

Phunziro: Malo amene amakusangalatsa uziwafikira mofatsa. Ukawaononga pothawa kutopa kwa tsiku limodzi, wamana ndi obwera m'mbuyo mwako omwe.