Kanthenga ndi Mwendo Wolemera

Panali munthu wina kudziko la China amene ankadziwa kudoda kanthenga. Masewerawa ndi akale kumeneko, makolo awo anawapeza alipo. Amamanga nthenga pa kachitsulo kophwatalala, anthu n'kuima mozungulira, n'kumapatsirana ndi mapazi kuti kasagwe. Manja saloledwa. Amene kamugwera amawerama n'kukatola yekha.

Munthuyu anali katswiri, pamenepo tisamunamizire. Ankakamenya ndi chidendene, ndi bondo, ngakhale atatembenuka. Koma kudzionetsera ndiye kunali kwake. Popatsira mnzake ankakaulutsa m'mwamba mwaliwiro, kuti anthu aone phazi lake.

Anali ndi mkulu wake amene anadwala, mwendo wamanzere n'kulemera. Adokotala anamuuza kuti akamangokhala, mwendowo uferatu. Choncho m'mawa uliwonse mkuluyo ankadzikoka kupita kubwalo n'kukaima nawo. Koma kanthenga kochokera kwa mng'ono wake kankangomudutsa ngati mbalame. Iye ntchito n'kukhala kuwerama ndi kutola, anthu akumuyang'ana momumvera chisoni. Chisoni chimenecho chinamuwawa kuposa mwendo, ndipo anasiya kupita.

Patapita masiku, mng'onoyo anamupeza atakhala pakhonde, mwendo atauyika pampando.

"Achimwene, bwanji simukubwera? Mwendowu uuma."

"Kodi ndimapita kukasewera, kapena kukakutolera? Ndisiye. Iwe zisewera, anthu akuombere m'manja."

Mng'onoyo anachita manyazi kwambiri. Anatulutsa kanthenga m'thumba, anamuimiritsa mkulu wake pafupi ndi khoma, iye n'kuima chapafupi. Kenako anakakankha pang'onopang'ono, m'munsi, molunjika phazi lodwalalo.

Mwendo unanyamuka pang'ono chabe, koma unakakhudza. Kanthenga kanabwerera kokhota. Mng'onoyo anakathamangira, n'kukabwezanso mofewa, pamalo omwewo. Apa m'pamene anadziwa kuti kupatsira mofatsa, pamene phazi lofooka lingafike, n'kovuta kuposa zodabwitsa zonse zimene ankachita kubwalo. Thukuta linamutuluka.

Odutsa m'njira sanaime. Panalibe choti aonere.

Atatopa, mkuluyo anakhala pansi akupumira m'mwamba. Anasisita bondo lake n'kunena kuti, "Mawa udzandidzere. Usachedwe."

Tsono inu amene mwandimvera, ambiri a inu muli ndi luso, sindikukana. Wina amadziwa kuyankhula, wina kuimba, wina ntchito ya manja. Koma mukamachita zinthu ndi anzanu, musamangomvera kukoma kwa phazi lanu. Yang'anani amene waima patsogolo panu, muone pamene mwendo wake ungafike. Alipo wina amene anasiya kubwera chifukwa munkamudutsitsa pamutu, ndipo dzina lake mukulidziwa. Musadikire kuti mwendo wake uume. Pitani kwawo.