Kapaipi ka Masiku Atatu

Amayi anzanga, kunali mayi wina wogulitsa tomato pamsika wa m'tauni. Mwana wake wamkazi, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anali ndi matenda a shuga. Anthu akufuna kwabwino anamupatsa mwanayo kamakina komangirira m'chiuno, kamene kamalowetsa mankhwala a inshulini m'thupi pang'onopang'ono kudzera m'kapaipi kobaya pamimba. Kamakinako kanali kaulere, koma timapaipi mayiyo ankayenera kugula yekha.

Kusitolo ya mankhwala anamuonetsa mitundu iwiri. Kena kotchipa, kosintha pakatha masiku atatu. Kena kodula, koma kokhala sabata yathunthu. Wogulitsa anamuuza kuti akaonkhetsa mwezi wonse, kodulako ndiye kopepuka, ndiponso mwana sabayidwa kawirikawiri.

Mayi uja anamva, koma maso ake anali pa mtengo wa tsiku limenelo. Anatenga kotchipa.

Tsono mayiyu anali ngati ife. Sopo amadula zidutswa zinayi. Jumbo amatsuka n'kuyanika. Mafuta okazingira dzulo sataya. Tsiku lachitatu litakwana anakayang'ana kapaipi kaja, n'kuona koyera bwinobwino, kosang'ambika. Mumtima anati chinthu chatsopano chonchi kuchitaya n'kuwononga. Anamatapo pulasitala wina, n'kupita kumsika.

Tsiku lachinayi mwana anasewera. Tsiku lachisanu anayamba ludzu, kumwa madzi kapu pa kapu, kuchimbudzi osapuma. Mayi anati n'kutentha kwa Okutobala. Anasuzumira kamakina, mankhwala alimo, kakuyaka monga mwa masiku onse.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi masana, mnzake wa benchi yoyandikana anamuitana kuti mwana akusanza kuseri kwa madengu. Anamupeza wagona pathumba, milomo youma, akupuma mothamanga ngati wakwera phiri. Anamutchula dzina, osayankha. Anamubereka kumbuyo ngati khanda, miyendo ikulendewera, tomato n'kumusiya pomwepo padzuwa.

Kuchipatala namwino anakanganula pulasitala uja n'kuzula kapaipi. Kunsonga kwake kunali kopindika, kotsekeka, ndipo pakhungu panali patatupa.

"Mayi, kameneka munakaika liti?"



"Mankhwala ali tho m'makinamu," anatero namwino, "koma m'thupi mwa mwanayu simukulowa kanthu. Dikirani panja."

Mayi uja anakhala pakhonde maola anayi. Chitseko chikatseguka ankadzuka, chikatsekeka ankakhala. Sanadziwe ngati abwerera kunyumba ndi mwana wamoyo. Mwanayo anatsegula maso dzuwa litapendeka, ndipo anagona pa diripi masiku asanu. Ndalama zimene zinapita pa ulendo umenewo zikanagula timapaipi todula ta miyezi ingapo.

Ine sindinapite patali ndi sukulu, koma ichi ndachiona. Ambirife timafuna chikhristu chotchipa. Timasankha chimene sichitipweteka lero: kapemphero kothamanga, kulapa kwa pakamwa, kukhululuka kongoonetsa mano. Kenako timachikokera kuti chitifikitse kumene sichingafike. Kunja timaoneka bwino, yunifomu yoyera, nyimbo tikuimba. Chifundo cha Mulungu nachonso chilipo, chodzaza, sichinathe. Koma njira yolowera mumtima inatsekeka kale, ife osadziwa.

Chimene Ambuye akukupemphani n'chodula, sindikubisirani. Kukagogoda pakhomo pa amene munayambana naye n'kodula. Kusiya tchimo limene limakudyetsani n'kodula. Lipirani lero, mudakali pa miyendo yanu. Mayi uja anamupeza mwana wake akupuma. Si onse amene amafika nthawi ikadalipo.