Njiri ndi “Ndamva” wa Nkhanu

Kangaude ndi Njiri ankakhala tsidya limodzi la mtsinje, ndipo dzuwa silinkalowa asanakangane. Chowakanganitsa chinali netiweki. Kangaude anali ataluka ulusi wautali kuchokera pamkuyu wa pakati pamudzi mpaka kudooko, komwe kunkakhala Nkhanu, katswiri wa za madzi. Ukafuna kudziwa ngati mtsinje uli wowolokeka, unkagwira ulusiwo n'kunena funso lako, yankho n'kubwera likunjenjemera mu ulusi momwemo.

Tsono Nkhanu anali ndi kayankhidwe kake. Yankho lake linkakhala ndi mutu ndi thupi. Mutu unali liwu limodzi: “Ndamva” funso likafika bwino, “Sindikudziwa” ukafunsa zosamukhudza, “Dikirani” akatanganidwa. Akatero ankapuma kaye, n'kumeza malovu, ndiye n'kunena thupi, lomwe linali nkhani yeniyeniyo.

Malamulo a Kangaude ngakhale mwana wa mbewa ankawadziwa: imva mutu, dikira thupi, ukatha masula ulusi kuti ena ayankhulepo. Koma Njiri, kalanga ine! Anabadwa ndi phuma. Ankamangirira ulusi pachitsa kuti asavutike kuugwira, ndipo akangomva liwu loyamba, mchira unali kale m'mwamba, fumbi koboo, ulusi n'kuusiya chimangire.

Tsiku lina dzino litamuwawa, anafunsa Nkhanu dzina la mankhwala. Nkhanu anati, “Sindikudziwa.” Njiri anazungulira nkhalango yonse akufunsa komwe kumamera mtengo wotchedwa sindikudziwa, ndipo atausowa anabwera kudzakalipa kuti netiweki ndi yachabechabe. Kangaude anamufotokozera mpaka kukhosi kunauma, koma zinkangolowera khutu ili n'kutulukira linalo.

“Achimwene, ‘ndamva’ si ‘inde’,” anatero Kangaude. “Akungonena kuti mawu anu afika.”

“Achemwali, ine ndine wamkulu. Munthu akayamba kuyankhula ndimadziwa komwe akupita.”

Kangaude zinamunyansa kwabasi, moti anakwera mumkuyu osatsanzika.

Mvula yoyamba itagwa, Njiri anatulutsa thumba la mbewu ya mtedza. Mbewuyi anaisunga chilimwe chonse, akugona ndi njala thumba lili pambali, chifukwa ina analibe. Munda wake unali kutsidya. Anafika pamkuyu atasenza thumba, anamanga ulusi pachitsa monga mwa nthawi zonse, n'kukuwa kuti akupita kukawoloka ndi mbewu yake.

“Ndamva,” anatero Nkhanu.

Basitu. Njiri anali atapita. Kangaude ali m'mwamba anamva ulusi ukunjenjemerabe, Nkhanu akuuza chitsa mwaulemu wonse kuti: “Musayerekeze. Kumapiri kwagwa chimvula, madzi ali m'njira.”

Kangaude anatsika mtima uli m'mwamba. Anaganiza zouza Nkhanu kuti amutsekereze Njiri padooko, koma ulusi ukamangidwa mawu a wina sankadutsa. Mfundo yakenso inali ya Njiri, yomanga ndi mano, yopaka matope ndi dovu. Analimbana nayo ndi miyendo yake yonse, akutukwana chamumtima, mpaka inamasuka.

Anaitana Nkhanu msangamsanga. Yankho linabwera: “Dikirani.” Nkhanu, poganiza kuti chenjezo lake lamveka, anali atachoka padooko, kalikiliki kusamutsira ana ake kumtunda. Kangaude anasiya ulusi n'kuuyamba ulendo wapansi, ndipo aliyense akudziwa kuti liwiro la kangaude silipikisana ndi la njiri.

Pofika kumtsinje anapeza madzi ofiira ali thothotho, akukokolola zitsa ndi mabango. Njiri anali chakumunsi, atakakamira muzu wa mtengo, akulavula matope. Anadzikoka mpaka kumtunda, wamoyo ndithu, koma kumsana kunalibe kanthu. Mtedza unkaoneka apo ndi apo pamwamba pa madzi, nsomba zikuchita phwando.

Kangaude anamumvera chisoni, koma chisonicho sichinakhalitse. Njiri atangopeza mpweya, mawu ake oyamba anali akuti netiweki yamupweteketsa. Pomwepo Nkhanu anatulukira chammbali monga amayendera, ndipo Njiri anamutembenukira.

“A Nkhanu, mwandiphera mbewu. Si inu munati mwamva?”

“Ndinamvadi,” anatero Nkhanu. Anapuma, n'kumeza malovu. Njiri anatsegula pakamwa kuti alalate, koma Kangaude anamuponda pamphuno kuti akhale chete, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake Njiri anadikira thupi la yankho.

“Amene simunamve ndinu.”

Chaka chimenecho m'munda mwa Njiri munamera udzu wokhawokha. Anzake akukazinga mtedza, iye ankafukula mizu m'dambo atagwada, ndipo mpaka lero amadya chogwada. Ena amati amakhala akutchera khutu pansi kuti amve mbali yotsala ya yankho lija. Kangaude akamva zimenezo amangotsonya, amati ndi njala chabe.

Phunziro: Kubwera kwa yankho sikutanthauza kuti zomwe wapempha zavomerezedwa. Yamba waona mutu wake, umve thupi lonse, ndipo ukatha utseke njira kuti ena adutse. Olemba mapulogalamu a pakompyuta, inunso nkhaniyi ikukukhudzani: pulogalamu yothamanga ndi liwu loyamba la yankho imataya mbewu ya eni ake.